Kupanga simenti ya ufa wa mabotolo ndi kuyesa ngati ingapirire mvula

Munthu amene wayendapo m'mawa kuseri kwa malo omwera mowa ku Bwandilo kapena ku Chigwirizano mumzinda wa Lilongwe amadziwa kuti mabotolo ali m'magulu awiri. Alipo amene amabwerera kukampani m'makireti, ndipo amenewo satayidwa chifukwa ali ndi mtengo. Alipo ena a vinyo, a mowa waukali ndi a mowa wochokera kunja, amene sabwerera kulikonse, kotero amaunjikidwa pakona mpaka wina atawanyamula kupita nawo kudzala la ku Area 38, kapena mpaka mwini mpanda atawaswa n'kuwazika pamwamba pa khoma kuti aopseze akuba. Gulu lachiwirili ndi limene tikukamba pano, chifukwa galasi likagayidwa mpaka kusalala ngati ufa woyera, n'kusakanizidwa ndi dongo lowotcha komanso madzi a kositiki soda, limatha kulimba n'kugwira mchenga monga imachitira simenti.

Ndiyambe ndi chenjezo limene ambiri amalimva mochedwa: galasi palokha si simenti. Ufa wa galasi wothiridwa kositiki soda umauma ndithu, ndipo kachidutswa kake kamatha kulira ngati mwala mukakagogoda, koma mukakaviika m'madzi kwa masiku angapo kamayamba kufewa ndi kunyenyeka. Luso lonse la ntchitoyi lagona pa kupezera galasi mnzake woligwira kuti lisasungunuke, ndiponso pa kuyesa chimene mwapangacho m'madzi musanakhulupirire maso anu. Ku Lilongwe kuno, kumene mvula imayamba mu Novembala kapena Disembala n'kufika mu Epulo, njerwa yolimba m'chilimwe chokha ilibe ntchito.

Simenti imene timagula m'matumba a makilogalamu 50, kaya ya Shayona ya ku Kasungu kaya ya Cement Products ya ku Mangochi, ndi ya mtundu wa Portland, umene Joseph Aspdin wa ku England adalembetsa m'dzina lake mu 1824. Amaipanga powotcha miyala ya laimu ndi dongo m'ng'anjo yotentha madigiri pafupifupi 1450, ndipo mpweya wa kaboni dayokisaidi umatuluka pawiri: pa malasha otenthetsera ng'anjo, ndiponso m'mwala weniweniwo pamene ukusweka ndi moto. N'chifukwa chake mafakitale a simenti amatulutsa magawo 7 kapena 8 pa 100 aliwonse a mpweya umenewu umene anthu amatulutsa padziko lonse. Njira ya alikali, yogwiritsa ntchito mankhwala ngati kositiki soda, imazemba ng'anjo yaikuluyo. Si yachilendo kwenikweni, popeza mu 1940 Purdon wa ku Belgium adaonetsa kuti zotsalira za m'ng'anjo zosungunulira chitsulo zimalimba zikathiridwa alikali, ndipo m'zaka za m'ma 1950 Viktor Glukhovsky wa ku Kyiv adaizamitsa nzeruyi mpaka nyumba zidamangidwa nayo ku Ukraine. Dzina la simenti yotere loti geopolymer, limene mungakumane nalo pofufuza, lidachokera kwa Joseph Davidovits wa ku France chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970.

Kuti mumvetse chimene chimachitika m'ndowa, kumbukirani chidulo. Amayi akadontheza madzi m'phulusa n'kuwathira m'therere kapena mu nkhwani, masamba amafewa msanga chifukwa madziwo ali ndi alikali amene amamasula zimene zidalukana. Kositiki soda ndi alikali wamphamvu kwambiri kuposa chidulo, mwakuti amatha kumasula ngakhale galasi ndi dongo lowotcha. Galasi la botolo lili ndi silika, chinthu chimene chimapanga mchenga, magawo oposa pang'ono 70 pa 100, soda magawo 13 kapena 14, laimu magawo pafupifupi 10, koma alumina yake siposa magawo 2. Alikali akasungunula silika ndi alumina, ziwirizi zimalukananso mwatsopano n'kupanga chomata cholimba chimene madzi sachimasula. Alumina ikasowa, silika imangogwirana ndi soda, ndipo chomata chotero chimasungunuka m'madzi monga umachitira mchere. Apa ndi pamene pali chifukwa chenicheni chimene galasi lokha limalepherera, ndipo mankhwala ake ndi dongo, popeza dongo lili ndi alumina yambiri.

Kusankha ndi kugaya galasi

Tolani mabotolo ndi mitsuko ya galasi ya zakudya, ya mtundu uliwonse, wobiriwira, wofiirira kapena woonekera mkati, popeza mtundu wake susintha zambiri. Musatenge mababu ataliatali a magetsi chifukwa ali ndi mekyule, musatenge galasi la ma TV akale a chimbuyo chifukwa lili ndi mtovu, ndipo pewaninso kalilole, galasi la kutsogolo kwa galimoto limene lili ndi pulasitiki pakati, mbale za galasi zopirira moto ndi makapu a dothi. Viikani mabotolo m'madzi usiku wonse kuti mapepala amatuke, tsukani zotsalira za shuga ndi mafuta, ndipo muwaumitse padzuwa. Chofunika kwambiri pano ndi kuchotsa zitsekerero zonse za aluminiyamu pamodzi ndi kamphete kamene kamatsalira pakhosi la botolo, chifukwa aluminiyamu akakumana ndi kositiki soda amatulutsa mpweya wa haidrojeni, umene umatupitsa matope ngati mandasi n'kusiya timabowo m'kati mwa njerwa.

Botolo la vinyo lopanda kanthu limalemera pafupifupi theka la kilogalamu, choncho ufa wofanana ndi thumba limodzi la simenti umafuna mabotolo pafupifupi 100. Poyesera simufuna ochuluka chotero, 20 ndi okwanira.

Kuswa koyamba n'kosavuta. Ikani mabotolo m'thumba lokhuthala kapena mumgolo wachitsulo, valani magalasi oteteza maso, ndipo musinje ndi munsi wachitsulo mpaka zidutswa zifanane ndi mphale. Kugaya kwenikweni ndiko kumadya nthawi ndi ndalama. Ufa uyenera kudutsa sefa ya mabowo a ma micron 75 (ma micron 1,000 ndiwo milimita imodzi), imene m'malabotale amaitcha sefa ya nambala 200, ndipo ukasalala kuposa apo umagwira bwino kwambiri, popeza alikali amadya galasi kuchokera kunja kwa kambewu kalikonse. Kambewu kakakhala kakakulu, kamangonyambitidwa pamwamba n'kutsala m'matope ngati mchenga wamba. Sefa ya ufa wa nsima ili ndi mabowo aakulu kwambiri, sithandiza pano. Makina oyenera ndi ball mill, mgolo wachitsulo wozungulira pa mota wokhala ndi mipira yachitsulo m'kati, ndipo wowotcherera zitsulo waluso wa ku Mchesi kapena ku Kanengo atha kuupanga kuchokera ku paipi yokhuthala. Thirani mipira ndi galasi mpaka theka la mgolo basi, kuti mipira ipeze malo okwera ndi kugwa, ndipo mgolo usathamange kwambiri, chifukwa ukathamanga mipira imamatirira m'mbali osagwanso. Muzisefa pakapita ola lililonse, zotsala pa sefa n'kuzibwezera mumgolo. Musayerekeze kupita ndi galasi kuchigayo cha chimanga, ngakhale mwini wake atavomera. Fumbi la galasi limapweteka m'mapapo ndi m'maso, choncho valani masiki yeniyeni yotchinga fumbi, osati kansalu, ndipo pansi muzikolopa ndi madzi m'malo mosesa.

Dongo lowotcha, mnzake wa galasi

M'maiko a mafakitale ambiri amasakaniza galasi ndi phulusa la malasha a kumalo opangira magetsi kapena ndi zotsalira za ng'anjo za chitsulo. Kuno zimenezo n'zofuna kuitanitsa kunja, ndipo zikatero phindu lonse limathera pa mayendedwe. Chimene tili nacho ndi dongo loyera la kaolin, lofanana ndi la ku Linthipe m'boma la Dedza, mtunda wosatalika kuchokera mumzinda uno. Dongo limeneli likakhala laliwisi silimvera alikali, koma likawotchedwa pa madigiri apakati pa 650 ndi 800 limataya madzi amene adamangika m'kati mwake, limasokonekera kalukidwe, n'kusanduka chimene akatswiri amachitcha metakaolin. Liumitseni kaye, liphwanyeni, liyaleni mosakhuthala m'mbale zadothi kapena zachitsulo, ndipo liwotchedwe maola awiri kapena atatu kutentha kutafika pamlingo. Ng'anjo ya oumba mbiya amakono yokhala ndi choyezera kutentha ndiyo yabwino, chifukwa apa kuyerekeza ndi maso kumanamiza. Moto ukachepa dongo limatsala laliwisi, ndipo ukapyola madigiri 900 limayamba kumangikanso n'kuleka kumvera alikali.

Amene sangapeze kaolin ayese ufa wa zidutswa za njerwa zowotcha, zimene zili mbwee paliponse pamene paphwasulidwa uvuni. Njerwa ndi dongo lowotchedwa kale, ngakhale lili ndi mchenga wambiri ndipo silidapse mofanana, kotero mphamvu yake ndi yocheperapo. Sankhani zofiira zakupsa bwino, musiye zakuda zimene zidapserera mpaka kunyezimira. Zigayeni mu mgolo womwe uja mpaka zidutse sefa yomweyo.

Madzi a kositiki soda

Kositiki soda ndi yemwe uja amagwiritsa ntchito opanga sopo, ndipo amagulitsidwa ngati timapale kapena timibulu toyera. Si soda wophikira therere, ndipo kufanana kwa maina kumeneku n'koopsa pakhomo pamene pali ana. Amawotcha khungu, amachititsa khungu m'maso, ndipo mwana akamumwa kummero kumapsa moti kumatha kutsekeka. Musamusunge m'botolo la zakumwa kapena m'chigubu cha madzi akumwa, lembani dzina pachotengera chake, ndipo mutsekere pamalo okiya. Pogwira ntchito valani magolovesi a labala ofika m'zigongono, magalasi otseka m'mbali, malaya a manja aatali ndi majombo, ndipo pafupi pakhale ndowa yodzaza madzi oyera. Akakudontherani pakhungu kapena m'diso, tsukani ndi madzi ambiri osalekeza kwa mphindi zosachepera 20, kenaka mupite kuchipatala, ndipo musataye nthawi kufunafuna viniga kapena mandimu. Wakumwa asasanzitsidwe, athamangire naye kuchipatala.

Mphamvu ya madziwa imayezedwa ndi kuchuluka kwa soda mu lita imodzi. Magalamu 40 mu lita imodzi ndiwo amatchedwa 1M, choncho 4M ndi magalamu 160, 6M ndi magalamu 240, ndipo 8M ndi magalamu 320. Tanthauzo lake n'lakuti madzi ndi soda pamodzi zikwane lita imodzi, osati kuthira soda pa lita yodzaza kale. Yambani ndi madzi okwana magawo atatu mwa anayi a lita m'chigubu cha pulasitiki wokhuthala kapena cha chitsulo chosachita dzimbiri, thirani soda pang'onopang'ono mukutakasa ndi ndodo ya pulasitiki, ndipo zikazizira muwonjezere madzi mpaka pamzere wa lita. Soda ndiye amathiridwa m'madzi, madzi sathiridwa pa soda, chifukwa kusungunuka kwake kumatulutsa kutentha kokwanira kuwiritsa madzi ochepa n'kukuthovukirani kumaso. Poto wa aluminiyamu ndi ndowa ya malata zisayandikire. Konzani madziwa dzulo lake, panja kapena pamalo opita mphepo, n'kuwavundikira kuti azizire.

Pali maganizo oti soda akachuluka simenti imalimba koposa, koma pa galasi sizili choncho, popeza galasi lili kale ndi soda wakewake. Soda wopyola muyeso sapeza chogwira, amatsala m'timabowo, ndipo pambuyo pake amatuluka pamwamba pa njerwa ngati mchere woyera. Pamene galasi ndi lochuluka yambani ndi 4M kapena 6M, ndipo pamene dongo ndi lochuluka kwerani kufika pa 8M.

Ambiri amene amapanga geopolymer amawonjezera sodium silicate, madzi onanda ooneka ngati uchi woyera, amene amalimbitsa matope msanga. Vuto lake n'lakuti ndi wodula, ndi wochokera kunja, ndipo amapangidwa posungunula mchenga ndi soda pa moto woposa madigiri 1000, moti mbali yaikulu ya mpweya woipa wa simenti ya alikali imachokera mwa iye. Ubwino wa galasi ndi wakuti mutha kupanga chofanana naye nokha. Thirani magalamu 200 kapena 250 a ufa wosalala kwambiri mu lita imodzi ya madzi a soda, tenthetsani pa madigiri pafupifupi 80 m'chotengera cha chitsulo chosachita dzimbiri chovundikira, muzitakasa kawirikawiri kwa maola 6, kenaka muziziritse. Silika ina imakhala itasungunuka kale m'madzimo, ndipo dongo likafika limaipeza yokonzeka. Sitepe imeneyi ndi yoopsa kuposa zonse, chifukwa soda wotentha amawotcha msanga kwambiri, choncho ndingalangize kuti woyamba kumene aidumphe mpaka atazolowera zina zonse.

Kusakaniza ndi kuumba

Palibe muyeso umodzi woyenera dongo lililonse, ndipo aliyense amene angakupatseni muyeso wotero asanaone dongo lanu akungoyerekeza. Njira yoona ndi kupanga misakanizo ingapo tsiku limodzi, kusintha chinthu chimodzi chokha, n'kusiya madzi ndi makina oyezera kuti aweruze. Pa kilogalamu imodzi ya ufa, msakanizo woyamba ukhale galasi lokhalokha, wachiwiri magalamu 700 a galasi ndi 300 a dongo, wachitatu 500 ndi 500, wachinayi 300 a galasi ndi 700 a dongo. Woyambawo mukuupanga dala kuti muone ndi maso anu mmene umalepherera, ndipo udzakhala poyerekezera ena onse. Pa kilogalamu iliyonse ya ufa ikani makilogalamu 2.75 a mchenga wa kumtsinje wotsuka ndi wouma, ndi magalamu 450 mpaka 500 a madzi a soda. Zonse ziyezedwe pa sikelo, osati ndi fosholo kapena chitini monga tidazolowera pa simenti wamba.

Sakanizani ufa wa galasi ndi wa dongo ziri zouma mpaka mtundu ufanane paliponse. Thirani madzi a soda, kandani kwa mphindi zitatu kapena zisanu kuti ufa wonse unyowe, ndipo mchenga ubwere pomaliza. Matope ake ndi omata kuposa a simenti, amakakamira pa chipande chomangira, ndipo metakaolin imamwa madzi kwambiri, kotero msakanizo wachinayi udzaoneka wouma. Apa pali yesero lothira madzi a pampopi kuti zifewe. Ngati n'kofunika onjezerani pang'ono kwambiri, muyeze ndi kulemba, podziwa kuti madzi owonjezera amasungunula mphamvu ya alikali ndipo akauma amasiya timabowo.

Zikombole zoyesera zikhale za timabokosi ta mamilimita 50 mbali zonse, zachitsulo, zapulasitiki kapena zamatabwa zoyalidwa pulasitiki m'kati, popeza matope amenewa amamatirira kwambiri pa chitsulo chosapaka mafuta. Msakanizo umodzi umadzaza timabokosi 12 mpaka 15. Thirani theka, tsinderani ndi kandodo, dzazani, tsinderaninso, ndipo mugogode chikombole patebulo mpaka thovu lileke kutuluka. Mukasalaza pamwamba, kulungani chonse mu pulasitiki nthawi yomweyo.

Kulimbitsa ndi kutentha

Mmisiri amene adazolowera simenti ya Portland amadziwa kuti mabuloko amathiriridwa madzi m'mawa ndi madzulo. Pano chizolowezi chimenecho chimawononga, chifukwa madzi othirira amatsuka alikali asanamalize ntchito. Chofunika ndi kusunga chinyezi chimene chili kale m'kati, n'kuwonjezera kutentha. Matope a galasi amalimba mochedwa kwambiri pa kutentha kwa m'nyumba, koma pa madigiri 60 mpaka 80 amagwira m'maola 24. Amene ali ndi uvuni ya mu labotale aike zikombole zokulungidwazo pa madigiri 60 tsiku limodzi, ndipo uvuni yophikira zakudya isagwiritsidwe ntchito. Amene alibe agwiritse ntchito dzuwa: bokosi lopakidwa penti wakuda m'kati, lovundikiridwa ndi galasi la zenera kapena pulasitiki woonekera, limatentha mokwanira masana a mu Okutobala ndi Novembala, ngakhale usiku limazizira, kotero pamafunika masiku atatu kapena asanu m'malo mwa limodzi. Ikanimo choyezera kutentha kuti mudziwe chimene chikuchitika. Mu Juni ndi Julayi, pamene usiku wa ku Lilongwe umazizira mpaka kufika pansi pa madigiri 10, musadabwe kupeza matope akadali ofewa patatha masiku awiri. Alimi a fodya wowamba m'mabalani amadziwa kutentha kwa madigiri 65 mpaka 70 kumene amaumitsira mitsempha ya masamba, ndipo mlingo wake ndi womwewo, koma kutentha nkhuni kuti mulimbitse simenti yoti iteteze chilengedwe kuli ngati kutunga madzi ndi dengu.

Njira ina yofulumizitsa popanda moto ndi kuika laimu wophulika kale kapena simenti ya Portland pang'ono, magawo 5 mpaka 10 pa 100 a ufa wonse. Kashiyamu amene ali m'ziwirizi amathandiza kuti matope agwire pa kutentha wamba ndipo amachepetsanso kusungunuka m'madzi, koma nthawi zina amawagwiritsa msanga kwambiri, mukadali pakati pothira m'zikombole, choncho yesani kaye m'kapu.

Timabokosi tikagwira, titulutseni m'zikombole, tilembeni nambala ndi tsiku, ndipo tibwezereni m'matumba a pulasitiki omanga pakamwa mpaka tsiku loyesa. Tikauma msanga pamphepo timachita ming'alu yaing'onoing'ono pamwamba.

Kuyesa

Pa tsiku la 7 tengani timabokosi titatu pa msakanizo uliwonse n'kutimiza m'madzi oyera, msakanizo uliwonse m'chidebe chakechake, ndipo titatu tina titsale pouma. Tsiku lililonse yang'anani madziwo. Akamachita mbuu, akamaterera ngati sopo, kapena ngodya za kabokosi zikamanyenyeka mukazikanda ndi msomali, chomata chikusungunuka, ndipo msakanizo umenewo ukufuna dongo lowonjezera kapena soda wochepa. Pogwira madzi amenewa valani magolovesi. Patatha sabata kapena awiri yerekezani mphamvu ya timabokosi tonyowa ndi touma. Kutsika pang'ono n'kwachibadwa, ngakhale konkire wamba amatero, koma kabokosi kakataya theka la mphamvu zake msakanizowo usapite panja pamene pamagwa mvula, ngakhale utaoneka wokongola chotani.

Yeso lachiwiri ndi la mchere woyera uja. Imikani kabokosi m'mbale ya madzi ofika theka la msinkhu wake, mbali yam'mwamba ili pamphepo, kwa masiku 7. Madzi amakwera m'timabowo atanyamula soda wotsala, amene akakumana ndi mpweya amasanduka ufa woyera pamwamba. Kaufa kochepa kongopukuta n'kopiririka, koma ngati pamera ndevu zoyera ndipo pamwamba payamba kusupuka, tsitsani mphamvu ya madzi a soda, wonjezerani dongo, kapena talikitsani nthawi yotenthetsa.

Mphamvu yeniyeni imayezedwa ndi makina ofinya, pa tsiku la 7 ndi la 28. Makina otere amapezeka m'malabotale oyezera zipangizo zomangira misewu ndi nyumba, komanso m'masukulu a ukachenjede ophunzitsa zomangamanga monga MUBAS ku Blantyre. Kuwerengera kwake n'kosavuta, popeza nkhope ya kabokosi ka mamilimita 50 ndi masikweya milimita 2,500, choncho kakasweka pa 25 kN (muyeso wa kufinya umene makina amaonetsa) mphamvu yake ndi 10 MPa (muyeso wa kulimba), ndipo kakasweka pa 50 kN ndi 20 MPa. Manambala aja a 32.5 ndi 42.5 olembedwa pathumba la simenti amanena za muyeso womwewu pa tsiku la 28. Muziswa timabokosi titatu nthawi iliyonse n'kutenga pakati pake, chifukwa kamodzi kokha kamatha kunamiza. Zonse zilembedwe m'kope: kumene dongo lidachokera, maola ogaya, mphamvu ya soda, kulemera kwa chilichonse ndi kutentha kwa tsikulo, apo ayi msakanizo wabwino mudzaupeza kamodzi n'kulephera kuubwereza.

Msakanizo umene wapambana m'madzi ndi pa makina uyambe ntchito pa zinthu zoumbiratu pamalo amodzi zimene sizisenza nyumba, monga mapeva a pabwalo, matailosi a pansi, miyala ya m'mphepete mwa kanjira ndi mabuloko a mpanda waufupi. Zinthu zotere n'zosavuta kuzitenthetsa, ndipo imodzi ikalephera palibe amene avulale. Nsanamira, mitanda ya pamwamba pa zitseko, masilabu ndi maziko zisiyireni simenti yovomerezeka ndi Malawi Bureau of Standards pansi pa injiniya. Simenti imeneyi si yopereka kwa aganyu kuti akande ndi manja pamalo omanga, ndipo si yopakira pulasitala.

Mu 2018 padakhazikitsidwa malamulo a National Construction Industry Council oletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda, ndipo zimenezi zidakulitsa msika wa mabuloko a simenti mumzinda uno, kotero malo a chinthu chatsopano alipo. Komabe musanagule mota yaikulu werengerani moona mtima. Mabotolo atha kukhala aulere, koma kuwatolera ndi kuwatsuka kumafuna anthu, mgolo umadya magetsi kwa maola ambiri, dongo limafuna moto wa madigiri 700, ndipo kositiki soda amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndiponso amapangidwa ndi magetsi ochuluka. Pa kilogalamu imodzi ya ufa, madzi a 6M amadya magalamu pafupifupi 100 a soda, kutanthauza makilogalamu pafupifupi 5 pa ufa wofanana ndi thumba limodzi la simenti. Funsani mtengo wa makilogalamu 5 amenewo lero, muwonjezerepo magetsi ndi ganyu, n'kuyerekeza ndi mtengo wa thumba la simenti pa hadiweya ya kwanuko.

Ngati kuwerengerako sikukukomerani, ufa umene mwagaya sunapite pachabe. Ufa wosalala wa galasi umalowa m'malo mwa magawo 10 mpaka 20 pa 100 a simenti ya Portland mu konkire wamba popanda kositiki soda aliyense, chifukwa laimu amene simenti imatulutsa ikamagwira amadya silika ya galasi pang'onopang'ono n'kuwonjezera chomata, ndipo ku America kudatuluka muyeso wa ufa wotere wotchedwa ASTM C1866 mu 2020. Konkire wotere amachedwa pang'ono kulimba masiku oyamba, choncho amafuna kuthiriridwa nthawi yotalikirapo. Chofunika kusamala n'chakuti galasi likhale ufa weniweni wodutsa sefa ija ya ma micron 75, chifukwa zidutswa zazikulu ngati mchenga zimatupa m'kati mwa konkire patapita miyezi kapena zaka n'kumung'amba.